Makilo Awiri a Bambo Muhiwa

Pali holo ina ku Luchenza imene mpaka lero sindidutsako. Ndikatsika minibasi pasiteji ndimazungulira cha kumsika ngakhale ndilibe chogula, n'kumayerekeza kufunsa mtengo wa nthochi, mpaka holoyo itabisika kuseri kwa magolosale. Amene analipo tsikulo akudziwa chifukwa chake. Inu amene munalibeko, bwerani ndikuuzeni ndekha, chifukwa mukakamva kwa anzanga a kuntchito akakuthirirani mchere wambiri.

Ine ndine kiliniko ofesa pa chipatala china chaching'ono kuno ku Thyolo (anthu amangoti adokotala, ndipo sindinawaletsepo). Chaka chimenecho ndinali nditangobwera kumene ku maphunziro a milungu ingapo ku Blantyre, a kachitidwe ka kafukufuku wa zaumoyo. Kumeneko ndinakumana ndi chinthu chotchedwa meta-analysis. Musaope dzinalo. Anthu angapo akafufuza funso limodzi m'malo osiyanasiyana, pamabwera wina n'kusonkhanitsa mayankho awo onse, n'kutulutsa yankho limodzi lonena ngati mankhwalawo amathandizadi, ndiponso kuti amathandiza motani: kwambiri, pang'ono, kapena n'kungovutitsa odwala. Ndinachikonda chinthucho ngati mwana wakhanda. Ndinabwerako ndi chikwama cha laputopu, ndipo ngakhale popita kukagula tomato ndinkachikoleka paphewa.

Mwayi wodzionetsera sunachedwe. Kagulu kena ka mipingo kanali kakugawa ufa wa phala la soya ndi nsinjiro kwa ana onyentchera m'makiliniki anayi a m'dera lathu. Mwana ankayezedwa poyamba, n'kudya phalalo miyezi itatu, n'kuyezedwanso. Tsiku lina wapampando wa kaguluko, Mayi Kalemba, anandipeza pakhonde la chipatala.

"Adokotala, tamva kuti mwaphunzira zowerengera zija," anatero. "Ufa wa chaka chamawa watichepera. Ungokwanira makiliniki atatu basi. Tatithandizani, phalali likugwira ntchito kapena ayi? Ndipo ngati pali pamene silikuthandiza, tichotse pamenepo."

Ndinavomera asanamalize n'kulankhula komwe. Sindinaganizeko kuti kuchotsa kiliniki imodzi n'kuchotsa ana pa mbale. Ine ndinkangodziona ndikuonetsa anthu zithunzi pakhoma ndi pulojekita.

Mabuku anayi aja atafika, ndinapeza kuti aliyense ankayeza m'njira yakeyake. Kiliniki ya cha ku Khwethemule inalibe sikelo, inkangoyeza mkono wa mwana ndi kalamba ka mitundu itatu kaja. Ya kufupi ndi Luchenza inkangolemba kuti "wachira" kapena "sanachire", osanena kuti wachira bwanji. Ya pa esiteti ina ya tiyi, imene inali ndi ana ambiri kuposa zonse, inalemba makilo athunthu okhaokha, oyera bwino ngati mayeso a mwana wa aphunzitsi. Yomaliza inali ya kumidzi ya kuseri kwa Khonjeni, ya Sisita Namaona.

Sisita Namaona ndi nesi wachikulire, wa Sabata weniweni, amene wakhala moyo wake wonse pakati pa minda ya tiyi koma tiyiyo sanamulawepo. Amapemphera limodzi ndi mayi anga. Pagulu amanditchula kuti adokotala, tikatsala awiri amangoti iwe. Buku lawo linali lakuda ndi zala, lodzaza manambala aang'onoang'ono mpaka magalamu, ndi timawu ta m'mbali: uyu anatsekula m'mimba sabata yachitatu, uyu mayi ake anapita kumaliro ku Mozambique, uyu phala amagawana ndi mng'ono wake. Ndinaliyang'ana bukulo n'kudandaula kuti achikulirewa amataya nthawi ndi nkhani zosafunika.

Kuti masentimita a mkono, makilo ndi "wachira" zilowe m'nyumba imodzi, pali masamu ake ozisandutsa zonse kukhala muyeso umodzi. Aphunzitsi athu anati masamuwo tizichita mosamala, tikatsimikiza kuti anthuwo ankayezadi chinthu chimodzi. Ine ndinamva mbali ya masamuyo, mbali ya kusamala inandidutsa (tsiku limenelo tinali titadya mpunga ndi nkhuku masana, ndipo ndinakhala kumbuyo). Lamlungu lina masana ndinakhala pansi pa mtengo wa mapeyala, ndinalowetsa zonse mu laputopu, ndipo chithunzi chinatuluka.

Chithunzicho chimakhala chonchi. Pakati pamakhala mzere woimirira, wotanthauza kuti palibe chasintha. Kiliniki iliyonse imakhala ndi kabokosi kake, ndipo kabokosi kakapita kutali kumanja kwa mzerewo ndiye kuti ana ananenepa kwambiri. Kiliniki ya ana ambiri imapatsidwa bokosi lalikulu ndi mawu aakulu pa yankho lomaliza. Tsono timabokosi ta Khwethemule ndi Luchenza tinali kumanja pang'ono chabe. Ka Sisita Namaona kanali kofupikira mzere kuposa tonse, kakang'ono, kamanyazi. Koma bokosi la pa esiteti, abale inu, linali kutali kumanja pafupi kugwera kunja kwa laputopu. Ana a kumeneko anali atawonjezera pafupifupi makilo awiri aliyense. Ndipo poti ndilo linali lalikulu, linakoka yankho la onse n'kulipititsa kumanja komweko.

Mtima wanga unali dyokodyoko. Pansi pa chithunzicho panali kanambala kena kochenjeza kuti zotsatira zinayizi sizikugwirizana, ndipo kanali katakwera mochititsa mantha. Ndinakumbukira ndithu zimene mphunzitsi wathu wina ankakonda kunena, kuti mbuzi imodzi ikathawa pagulu usaiombere m'manja kuti ili ndi liwiro, pita ukaone chimene chaithamangitsa. Ndinakumbukira, kenako ndinachepetsa zilembo za kanambalako kuti kasaoneke kwambiri.

Mkazi wanga, amayi a Tadala, anabwera ndi chinangwa chophika n'kusuzumira.

"Makilo awiri pa miyezi itatu? Mwana wa zaka ziwiri?"

"Eya. Ndi zimene zatuluka."

"Abambo a Tada, anawo akudya phala kapena simenti? Tadala wathuyu amadya ngati wabwera kuchokera kundende, koma chaka chathunthu makilo awiri sanafike."

"Amayi, izi ndi za sayansi. Si zoyerekeza ndi mwana mmodzi wa pakhomo."

"Chabwino, asayansi. Koma mukanapita kaye kukawaona anawo. Pa esiteti pompa, njinga ya kabaza ikufikitsani."

Sindinapite. Safunsa anadya phula, koma ine ndinadya ndi chisa chomwe. M'malo mwake ndinalemba lipoti la masamba asanu ndi atatu. Ndinati phala likugwira ntchito modabwitsa. Ndinati kiliniki ya pa esiteti ndi chitsanzo cha onse. Ndipo ndinalemba, ndi zala zangazi, kuti kiliniki ya kwa Sisita Namaona ndiyo ikubwezera anzake m'mbuyo, kuti mwina kaphikidwe ka phala kumeneko n'kolakwika, choncho ufa uchotsedwe kumeneko, ndipo Sisitawo akaphunzire kwa anzawo a pa esiteti. Pamene ndinkalemba mawu akuti "akaphunzire" ndinamva kachisoni pang'ono, koma ndinadziuza kuti manambala sadziwa msinkhu wa munthu.

Msonkhano unachitika Lachisanu m'mawa, kuti a Sabata akafike kwawo dzuwa lisanalowe. Ndinavala jekete ya paukwati. Holo inadzaza: abusa, anamwino, azaumoyo a m'midzi, amayi a m'makomiti. Sisita Namaona anakhala kutsogolo kwenikweni, chikwama pamiyendo, manja pachikwama. Ndinayatsa pulojekita, ndipo kwa mphindi makumi anayi ndinalankhula ngati ndikutsegulira msewu wa tala. Ndinaloza bokosi lalikulu lija ndi ndodo, anthu n'kuomba m'manja. Nditafika pa kabokosi ka Sisita mawu anga anatsika pang'ono, koma ndinanena zonse. Sisita sanagwedezeke. Anangondiyang'ana momwe munthu amayang'anira nkhuku yake imene yalowa m'tchalitchi.

Mayi Kalemba anatsokomola. "Zamveka, adokotala. N'zowawa, koma ngati ndi mmene zilili, ufa wa ku Khonjeni tiupititsa kwina. Tisanatseke, mwina a pa esiteti atiuzeko chinsinsi chawo, enafe titengerepo."

Apa ndi pamene ndinadzikumbira dzenje ndi manja anga, chifukwa ndine ndinayambitsa kuomba m'manja.

Anaimirira Bambo Muhiwa, amene amathandiza pa kiliniki ya pa esiteti. Ndi munthu wamtali, waulemu, wa bolopeni zitatu m'thumba la malaya. Asanasamutsidwire ku kiliniki anagwira zaka zambiri ngati kalaliki woyeza masamba a tiyi, uja amakhala pa shedi ndi buku pamene othyola akubwera ndi madengu kumsana.

"Zikomo a tcheya," anayamba, akukonza kolala. "Ine chinsinsi ndilibe. Kungoti sikelo ndimaidziwa. Ndakalamba nayo sikelo ine."

Anthu anavomereza ndi mitu. Inenso ndinagwedeza mutu kwambiri kuposa onse.

"Nde poyamba paja, mwezi wa Malichi, sikelo ya pakiliniki inali itafa. Ndinati ana asadikire, programu iyambe. Nde ndinawatengera ku shedi ya masamba. Mwana m'dengu, dengu pa ngowe, ine kuwerenga. Kenako kuchotsera dengu, monga mwa lamulo."

Ndinadzilimbitsa mtima. Kuchotsera kulemera kwa dengu n'koyenera. Munthuyu amadziwa ntchito.

"Ndikachotsera dengu, kenako kuchotsera mvula."

Mayi Kalemba anavula magalasi. "Kuchotsera chiyani, bambo?"

"Mvula, a tcheya. Sabata imene ija inagwa yosalekeza. Ana anafika atanyowa chonchi, madzi ali chuchuchu. Nde masamba onyowa sitilemba onse ayi. Madzi si tiyi. Kuyambira kale timachotsera."

"Anawo munawachotsera zingati?"

"Zimatengera kanyowedwe. Wonyowa pang'ono, hafu. Wonyoweratu, kilo. Panali wina anachita kugwera m'ngalande pobwera, ameneyo ndinamuchotsera kilo ndi hafu, shuwa. Ndipo totsalira pamwamba pa kilo sitilemba, timataya. Buku limafuna manambala athunthu."

Kumbuyo kwa holo wina anayamba kuseka motsekereza pakamwa, kumamveka ngati mpope wa njinga. Ine ndinali nditaima pafupi ndi pulojekita, ndodo ili m'manja, ikulozabe bokosi lija. Ndinafunsa ndi mawu amene sanali anga:

"Nanga... pomaliza, mwezi wa Juni, munayeza bwanji?"

"Aaa, pamenepo zinali bwino, adokotala! Sikelo yatsopano inali itabwera. Kunalibe mvula, nde sindinachotsere kalikonse. Kungoti kunkazizira, chiperoni chija mukuchidziwa. Ana anabwera ndi majuzi awiriawiri, zipewa, nsapato, ena atakulungidwa m'bulangete. Kumuvula mwana kuzizira kumene kuja n'kumulakwira. Ndinawayeza momwemo."

Holo inaphulika. Abusa ena anagwira m'mimba, amayi a m'makomiti anagwetsana mapewa, wina anachita kutuluka panja kukamalizira kuseka. Bambo Muhiwa anayang'ana uku ndi uku modabwa, chifukwa iwo ankadziwa kuti atsatira lamulo lililonse limene anaphunzitsidwa, ndipo kunena zoona anatsatiradi. Munthu amene sanatsatire zimene anaphunzitsidwa anali atavala jekete ya paukwati. Makilo anga awiri aja anali mvula ya mu Malichi ndi majuzi a mu Juni. Thukuta linatsika kumsana mpaka m'masokosi.

Kuseka kutachepa, Mayi Kalemba anati, "Adokotala, tachotsani bokosi la masambalo tione chotsala."

Ndinachotsa, anthu onse akuonerera pakhoma. Yankho la onse linabwerera kumanzere, linabwererabe, mpaka linakaima pafupi kwambiri ndi kabokosi kamanyazi ka Sisita Namaona. Kanambala kochenjeza kaja kanatsika pansi. Kiliniki imene ndinati ikubwezera anzake m'mbuyo ndiyo inali kunena zoona kuyambira pachiyambi.

Koma mavuto anali asanathe. Mbusa wina anaimika dzanja. "Ndiye kuti phalali likungowonjezera timagalamu tochepa chonchi? Ngati ndi choncho, tikuvutikiranji? Bwanji tingosiya konsekonse?"

Apa mantha enieni anandigwira. Ndinali nditalonjeza anthu chozizwitsa, ndipo tsopano chinthu chenicheni chinkaoneka ngati chopanda pake poyerekeza ndi bodza langa. M'mawa ndinkalanda phala ana a kiliniki imodzi, masana ndinali pafupi kulanda ana a makiliniki onse anayi.

Sisita Namaona anaimirira pang'onopang'ono, chikwama chili m'manja.

"Abusa, magalamu amenewo ndi ochepa pakhoma. Pa mwana si ochepa. Mwana wonyentchera akasiya kutsika, n'kuyamba kukwera ngakhale pang'ono, ndi amene amadzuka pamphasa n'kuyamba kulanda anzake zidole. Ine ndimawaona. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Ndipo ana a pa esiteti musawalange chifukwa cha mvula. Sitikudziwa ngati ananenepa kapena ayi. Akayezedwenso bwinobwino, mwina ndi amene akufunika phala kuposa anga."

Za ine sananene kalikonse, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa kuseka kuja. Anthu anagwirizana kuti ufa ugawidwe m'makiliniki onse anayi, kuyambira ndi ana ofookeratu, ndi kuti onse aziyeza m'njira imodzi: makilo ndi magalamu, mwana atavula, sikelo itayesedwa kaye. Munthu woyendera masikelowo mwezi ndi mwezi anasankhidwa popanda wotsutsa. Ndinali ine. Bambo Muhiwa anandigwira chanza potuluka n'kundiuza kuti ndisadandaule, ngakhale iwo chaka chawo choyamba pa shedi ankalakwitsa.

Kunyumba amayi a Tadala anali atamva kale (nkhani ku Thyolo imayenda mwachangu kuposa minibasi). Sananene kuti ndinakuuzani. Anangondilandira jekete, n'kufunsa mwaulemu kwambiri ngati asayansi adya nyemba za kalongonda kapena awaphikire simenti.

Lachiwiri lotsatira, tsiku la sikelo ya ana, ndinakwera kabaza pa Khonjeni kupita kukapepesa. Ndinatenga phava la nthochi ndi paketi ya shuga. Ndinapeza amayi atakhala mzere pansi pa mtengo wa mango, ana kumsana, ndipo Sisita akumangirira sikelo pa nthambi. Ndinayamba mawu amene ndinawakonza njira yonse, koma anandidula.

"Shugayo ndi wa kilo imodzi?"

"Eya, amayi."

"Bweretsa."

Anaika paketiyo m'kabudula wa sikelo, n'kuyang'ana muvi, n'kupotokola kachitsulo kosinthira muvi pang'ono mpaka muviwo unaima pa kilo imodzi ndendende. Kenako anandibwezera shugayo kuti ndigwire.

"Sikelo imayamba yayezedwa iyo, isanayeze mwana wa munthu," anatero. "Khala apa."

Ndinakhala pa benchi. Ndinawauza kuti ndinalakwa, kuti ndinanyoza buku lawo ndisanalimvetse, ndi kuti ndikanawachotsera ana awo chakudya chifukwa chofuna kuomberedwa m'manja. Anamvetsera akusanja makadi a ana pamiyendo.

"Mayi ako anakuuzapo kuti unabadwa wotani?"

"Amangoti ndinali wamng'ono."

"Wamng'ono? Unabadwa masiku asanakwane, makilo awiri osafika. Unkakwana m'chipewa cha bambo ako. Ndinali nesi watsopano nthawi imeneyo, ndipo ndinkakuyeza m'mawa uliwonse, milungu isanu ndi umodzi. Tsiku lina magalamu makumi awiri, tsiku lina khumi, tsiku lina osakwera n'komwe. Mayi ako ankalira, amati mwanayu sakusintha. Ndinkawaonetsa buku, kuti taonani, dzulo anali apa, lero ali apa. Ndikanati ndidikire makilo awiri kuti ndikhulupirire kuti ukukula, bwenzi titakufotsera kalekale."

Ndinayang'ana pansi. M'maso munadzaza misozi, pamaso pa amayi onse aja a pamzere, ndipo sindinabise. Munthu wanzeru akanathokoza n'kukhala chete. Koma maphunziro akalowa mochedwa amalowa ndi mphamvu, ndipo ndinangomva pakamwa panga pakufunsa:

"Nanga thewera munkachotsera?"

Sisita anakodola mayi woyamba pamzere, anamuvula mwana malaya, n'kundipatsa kabudula wa sikelo.

"Ndinkachotsera," anatero. "Ndikanadziwa kuti mutuwo udzakula chonchi, ndikanachotseranso umenewo. Pachika mwana, iwe."